Kulowetsa ophunzira udokotala m'chipinda cha mitembo: momwe ntchito yayendera chaka chino

Ndimathandizira kuphunzitsa anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu. Chaka chino ine ndi anzanga awiri tinapempha kuti atilole kusintha momwe ophunzira atsopano amakumanirana ndi mtembo koyamba. Kale zinkangokhala kuti wafika, akupatsa kampeni, avundukula nsalu, yambapo. Wokomoka ankamunyamulira panja, anzake n'kumamuseka mpaka chaka kutha. Ndalemba izi kaamba ka anzathu a m'masukulu ena amene angafune kuyesa zomwezi. Mitengo ndi ya pa nthawi imene tinagula. Kwacha yathu mukuidziwa, musakonzere bajeti yanu pa manambala angawa.

14 Januwale

Dipatimenti yatipatsa K600,000. Ife tinabwera ndi mapulani a zokambirana, uphungu ndi mapemphero. Bambo amene amakonza mitembo mu labu yathu, omwe anayamba ntchitoyi ine ndisanalowe sekondale, anatimvetsera mpaka tinamaliza, kenako anati: "Adokotala, musanafike ku mitima ya anawa, yambani mwaona za mphuno zawo."

Akunena fomalini, mankhwala osungira mitembo. Akamachokera kufakitale amakhala ndi formaldehyde pafupifupi 37 peresenti. Pokonza mtembo amamuthira madzi, n'kusakaniza ndi phenol, glycerine ndi spiriti, n'kupopera kudzera mumtsempha waukulu wa pantchafu mpaka thupi lonse litakhuta. Ndiye amachititsa kuti mtembo ukhale miyezi, ngakhale zaka, osaola. Koma amaluma m'maso, amakanda pakhosi, amapweteketsa mutu, ndipo mu 2004 bungwe lofufuza za khansa padziko lonse, IARC, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Mwana wa zaka 19 akalowa m'chipindamo, misozi n'kuyamba kutsika yokha, sadziwa ngati ndi mankhwala kapena mantha. Amangoti ndine wofooka, udokotala sindiukwanitsa. Tagwirizana kuti ndalama zambiri zipite ku mpweya.

28 Januwale

Mafani awiri otulutsa mpweya panja anali akufa. Ina yangofuna kapasita, K15,000. Inayo mota inapsa, kukulunganso mawaya K180,000, ndipo wamagetsi watizungulitsa mpaka tinachita kukakhala pa shopu yake. Mawindo anamatidwa mapepala kalekale chifukwa odutsa ankasuzumira, ndiye sankatsegulidwa n'komwe. Tapaka penti yoyera magalasi am'munsi, K25,000, am'mwamba tawasiya otsegula.

Tinayesa mafani oimika pansi. Musavutike nawo. Amangotenga fungo la tebulo ili n'kukalimwaza kumaso kwa anthu a tebulo linalo.

Magolovesi a nitrile mabokosi asanu, K22,000 lililonse. A latex ndi otsikirako mtengo koma fungo limalowerera mpaka m'zala. Masiki wamba a kuchipatala saletsa formaldehyde, amangokhazika mtima pansi, choncho sitinagule. Bafuta mamita 40, K3,500 mita imodzi. Ndowa ya mpopi, sopo, shuga ndi masamba a tiyi, K30,000. Masitulo tabwereka m'kalasi ina, benchi taika pakhonde. Zatsala K100,000, tasungira mwambo wa kumapeto kwa chaka.

10 Febuluwale

Takumana ndi kalasi yonse m'holo, kutali ndi mitembo. Mnzanga anafunsa kuti alipo amene akuchita mantha? Dzanja silinakwere ngakhale limodzi. Anyamata a kumbuyo kumangosekerera. Tinang'amba mapepala, aliyense alembe chimene chili kumtima popanda dzina, aponye m'katoni.

Katoni inadzaza. Ambiri analemba kuti sanaonepo mtembo pafupi. Kwathu kuno mwana samuyandikitsa pamene akusambitsa maliro, ukakula umangoona nkhope m'bokosi ukudutsa pamzere, basi. Ena amaopa kukomoka pamaso pa anzawo kuposa mtembo weniweniwo. Koma funso limene linabwera mobwerezabwereza silinali la mantha. Linali lakuti: anthu amenewa ndi ndani, ndipo abale awo akudziwa kuti ali kuno?

Apa tinatsutsana tokhatokha. Mnzanga wina ankafuna tiziwatchula kuti "opereka matupi awo" monga achitira kunja, kuti ana mitima ikhale pansi. Ine ndinakana, chifukwa si zoona, ndipo akadzadziwa okha sadzatikhulupiriranso. Ambiri mwa amene agona pa matebulo athu ndi anthu amene anamwalira popanda wachibale wobwera kudzatenga thupi, ndipo lamulo limalola kuti matupi otere aperekedwe ku maphunziro. Si ife tokha. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018 m'magazini ya Academic Medicine anaonetsa kuti mayiko ambiri, makamaka mu Africa ndi Asia, akudalirabe mitembo yopanda abale, ngakhale kuti mu 2012 bungwe la akatswiri a anatomy padziko lonse, IFAA, linalangiza kuti pazigwiritsidwa ntchito matupi a anthu amene anavomera okha ali moyo. Njirayi ndi yakale. Ku Britain, Burke ndi Hare atapezeka mu 1828 kuti ankapha anthu ku Edinburgh n'kumagulitsa mitembo kwa mphunzitsi wa anatomy, boma linakhazikitsa lamulo la 1832 lolola kutenga matupi a amene afera m'nyumba za osauka popanda wowatenga. Kuyambira pamenepo, wogona patebulo nthawi zambiri amakhala mmphawi.

Tawauza zonsezi osachotsako. M'holo munati zii. Mtsikana wina anafunsa kuti tikamaliza nawo amapita kuti. Tayankha kuti amaikidwa m'manda, aliyense m'bokosi lake, ndipo chaka chino ophunzira adzakhalapo.

12 Febuluwale

Tsiku loona chabe, lopanda mpeni. Timagulu ting'onoting'ono, mphindi zochepa. Mitembo taigoneka chafufumimba, mutu, manja ndi mapazi tazikulunga ndi bafuta. Chooneka ndi msana wokha. Khungu lake ndi lotuwa modera, lolimba, lozizira, ukalidina ndi chala silibwerera msanga. Aliyense tamupempha aike dzanja pamsanapo atavala golovesi, wosafuna asakakamizidwe.

Ziwiri zavuta. Tinawauza kuti adye asanabwere, koma angapo sanadye poopa kusanza, ndipo ndi omwewo amene anachita chizungulire. Chachiwiri, tinakonza zokhala chete kwa kanthawi polemekeza omwalirawo. Munthu kuima njo osasuntha, m'mimba muli gwaa, fungo likulowa, magazi amatsikira kumiyendo. Mnyamata wamtali kuposa onse anangoti khuu pansi. Tinamugoneka chagada pakhonde, miyendo pa situlo, posakhalitsa anatsitsimuka, tinamupatsa tiyi wa shuga. Bambo a mu labu anakhala naye pabenchi n'kumuuza kuti, "Achimwene, musadandaule. Ndaona madokotala akuluakulu amene mukuwaopa lerowa atagona pomwepa."

Magulu otsatira tafupikitsa kukhala chete kuja, ndipo achita atakhala pa masitulo. Palibenso wagwa.

17 Febuluwale

Kudula koyamba. Patebulo lililonse pamakhala mmodzi wolimba mtima amene anzake amamukankhira mpeni, iye n'kukhala wodula chaka chonse ena akungoonerera. Talemba ndandanda: wodula, wowerenga buku, wogwirizira, ndipo azisinthana.

Wina wadzicheka chala poika lezala nambala 22 pa chigwiriro ndi manja. Bala laling'ono, koma mantha ake anali aakulu, kuganiza za matenda. Tamutsuka, tamumanga, talemba m'buku la ngozi, ndipo tsopano lezala aziika ndi kuchotsa ndi chopanira basi.

Chimene chinawasokoneza ambiri si kudula khungu, ndi mafuta. Ndi achikasu, oterera, amamata magolovesi mpaka chida kupulumuka m'manja. Koma khungu litachoka, atayamba kusaka minofu ya kumsana yotchedwa trapezius ndi latissimus dorsi, chipinda chinasintha. Kunayamba phokoso la anthu otsutsana kuti mnofu uwu ukuthera pati. Mnyamata wokomoka uja ndiye ali ndi dzanja labwino kuposa onse patebulo lake.

6 Malichi

Katoni ya mapepala taisiya pakhomo kuti aliyense aziponyamo nthawi iliyonse. Sabata ino mwatuluka kapepala aka: "Ndikatuluka m'chipinda muja ndimamva njala yoopsa, ndimalakalaka nyama. Kodi ndayamba ufiti? Sindinauze aliyense."

Mnzanga anayamba kuseka, kenako anasiya. Tonse tinakula tikumva kuti mfiti ndi imene imalakalaka mnofu wa munthu wakufa. Mwana amene wakulira m'mawu amenewo, lero wakhala maola atatu manja ali m'mtembo, akutuluka malovu ali chuchuchu poganiza za chakudya, adziona bwanji? Ndipo auza ndani? Mayi ake sangawauze. Mnzake wa m'chipinda sangamuuze. Abusa ndiye kaya.

Njala imeneyi ophunzira anatomy a m'mayiko ambiri amainena. Ena amati ndi fomalini. Ine ndimaona kuti kuima maola atatu, mutu ukugwira ntchito, m'mimba muli kapu ya tiyi ya m'mawa yokha, n'kokwanira kuti munthu amve njala ya mtundu umenewo. Chimene chinafunika si kufotokoza sayansi yake, koma kuti wamkulu ayambe kuinena pagulu. Tsiku lotsatira, tisanavundukule nsalu, ndinati: ambiri a inu mukumamva njala mukatuluka muno, inenso ndimamva, si chachilendo. Bambo a mu labu anawonjezera kuti iwo 12 koloko ikakwana amasamba m'manja n'kukadya nsima yawo, ndipo zaka zonsezi sanaulukepo usiku. Kalasi inaseka chikhakhali, kuseka kwa anthu amene atula katundu. Pambuyo pake m'katoni munapezeka mapepala ena onena kuti nawonso ankadziopa.

Palinso a mbali inayo, amene nyama yawakanika. Mnofu wa mtembo wokonzedwa ndi wofiirira modera ndipo umalekana ulusiulusi ngati nyama ya ng'ombe yobwatitsa kwambiri. Akaiona m'mbale ku kafiteriya mtima umachita mseru. Awa tawauza kuti asadzikakamize, nyemba, soya ndi usipa zilipo, koma asagone ndi njala. Ambiri zimatha zokha pakapita masabata.

Zosintha: makoti oyera azitsala pa misomali ya pakhomo la labu, asapite nawo kodyera. Kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Timamaliza msanga pang'ono kuti pakhale kampata pakati pa labu ndi nkhomaliro. Sizinadye ndalama, kupatula misomali.

25 Malichi

Mafani aja atibweretsera vuto lina. Mpweya ukuyenda bwino, ndiye mitembo ikuuma msanga, minofu kumathetheka. Ophunzira poopa zimenezo anayamba kuthira madzi a pampopi ambirimbiri, ndipo ndi chinyezi cha dzinjali matebulo awiri achita chuku, choyera ndi chobiriwira, m'khwapa ndi m'mbali mwa msana.

Sindinayembekezere kuti chuku chingawakhudze chonchi. Mtsikana wa pa tebulo lina analira, akuti munthuyu analibe womusamala ali moyo, ifenso tamulekerera. Bambo a mu labu anapala malo owonongekawo, anapaka mankhwala a phenol, nsalu zakale tinatentha. Bafuta wina mamita 10, K38,000, mtengo wakwera kale. Ndalama za mwambo zija zayamba kudyeka.

Takhazikitsa ntchito yotsekera. Pomaliza tsiku, awiri pa tebulo lililonse amawaza mankhwala onyowetsera amene bambowa amasakaniza, osati madzi wamba, amabwezera khungu pamalo pake, amakulunga ndi nsalu yonyowa, pamwamba pulasitiki, n'kusaina. Tizidutswa tonse tochotsedwa timapita m'ndowa yokhala ndi nambala ya tebulolo, kuti za munthu uyu zisasakanikirane ndi za uyo. Tinayambitsa izi pofuna kuteteza mitembo, koma zikuoneka kuti zikuthandiza ophunzira kuposa zokambirana zathu zonse. Munthu amene wadula tsiku lonse amapeza mpata wofunditsa. Ena ayamba kudzitchula okha kuti adzukulu, ndipo sitinawaletse.

8 Epulo

Dzanja. Tinaliiwala kuti nalonso ndi nkhope. Atamasula bafuta panaoneka zikhadabo, mizere ya m'chikhatho, khungu lokhuthala la munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse. Mtembo wina uli ndi mphini pamkono. Mnzanga pofuna kuonetsa momwe minofu ya pamkono imagwirira ntchito anakoka mtsempha umodzi, chala cha mtembo n'kupindika pang'onopang'ono ngati chikukodola. Anthu awiri anatuluka. Mmodzi mwa iwo sanavutikepo chiyambire Febuluwale.

Kuyambira tsopano timalengeza sabata imodzi zisanachitike kuti tidzavundukula chiwalo chakuti, ndipo chionetsero chokoka mitsempha timayamba tanena chimene chichitike.

29 Epulo

Abwera ku holide ndi nkhani za kumudzi. Wina agogo ake anamuikira beseni la madzi pakhomo kuti asambe asanalowe m'nyumba, monga achitira obwera kumanda. Anafunsa ngati akanayenera kukana. Ndinamuuza kuti kusamba sikunapheko munthu, agogo achita zimene akudziwa pofuna kumulandira. Wina zake zinali zolemera: azakhali ake anauza ana a pakhomo kuti asadye naye mbale imodzi. Wina sananene n'komwe kwawo kuti amagwira mitembo, amangoti timaphunzira pa zidole.

Tinakhala pansi n'kukonza limodzi mawu ochepa oti azinena kwawo m'Chichewa chomveka: kuti lamulo limalola, kuti palibe chiwalo chimatuluka m'chipindamo, kuti pamapeto anthuwa amaikidwa m'manda, ndiponso kuti dokotala amene adzang'ambe mayi wovutika pobereka ayenera kuti anaonapo kale m'kati mwa thupi.

Nkhani yomweyi yatifikitsa pa mafupa. Tinapeza kuti wina anatenga fupa la ntchafu kupita nalo ku hositelo kuti akawerengere mayeso. Sanaganize zoipa, koma dziko lino si lochitira zimenezo. Lamulo lathu la Anatomy Act ndi la 1990, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inalikhwimitsa, pa nthawi imene anthu achialubino ankaphedwa ndi manda awo kufukulidwa. Kupezeka ndi fupa la munthu popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Komanso amene akukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe akudziwa kuti gulu la anthu silidikira kuti ufotokoze. Chikwama chitatseguka m'minibasi, chitupa cha sukulu sichingakupulumutse. Mafupa onse tawerenga, tawalemba manambala, kabati tagulira loko, K12,000. Chipinda cha mafupa chizitsegulidwa madzulo kuti asakhale ndi chifukwa chotulutsira.

20 Meyi

Chithunzi chapezeka pa status ya WhatsApp: anyamata atatu akumwetulira, kumbuyo kukuoneka phazi la mtembo. Chinachotsedwa msanga, nkhani ili kwa akuluakulu. Tinalamula kuti mafoni azitsala pakhomo, koma dandaulo linali lomveka, ambiri mabuku awo a zithunzi ali m'mafonimo. Tasindikiza masamba ofunika n'kuwamata pulasitiki kuti azipukutika, K30,000. Apa ndalama za mwambo zatsala K20,000.

Za nthabwala sitinaletse. Munthu sangakhale chaka chathunthu m'chipinda chotere nkhope ili ndwii. Malire ndi awa: seka za iwe mwini, za mayeso, za ife aphunzitsi, koma osati za thupi la munthu wagonayo. Mayina achipongwe taletsa. Matebulo ena amati "agogo", ena "amalume", ndipo ndamvapo wina akunena kuti "pepani amalume, tikutembenuzani" asanawagwire. Amenewo tawasiya.

Ndinawafotokozera za yunivesite ya Tzu Chi ku Taiwan, kumene ophunzira amakacheza ndi banja la womwalirayo, amadziwa dzina lake ndi mbiri yake, ndipo pomaliza amasoka thupi lonse, kuliveka n'kuliika okha m'bokosi. Ku Thailand nakonso mtembo amautenga ngati mphunzitsi wamkulu ndipo dzina lake limadziwika. Ife mayina tilibe, tili ndi manambala. Chimene tingatengeko ndi chomaliziracho, kuti manja amene anadula akhale omwewo okulunga.

15 Julayi

Ola la uphungu limene tinakhazikitsa Lachitatu lililonse lalephera. Mlangizi amakhala yekha m'chipinda. Ndani angalowe pakhomo limene aliyense akudziwa kuti ndi la ovutika maganizo? Talithetsa. M'malo mwake Lachisanu tikatuluka mu labu pamakhala tiyi pakhonde, ndipo timaitana ophunzira a zaka zapamwamba awiri kapena atatu. Mlangizi amabwera kudzamwa nawo tiyi. Kumeneko nkhani zimatuluka zokha, ndipo amene akufuna kuonana naye payekha amapangana mwakachetechete. Shuga tikusonkha aphunzitsi.

Tinali pa chifuwa. Mtima ukauchotsa umakwana m'dzanja limodzi, wolemera pafupifupi magalamu 300, m'kati muli magazi ouma akuda ofunika kuchotsa ndi chala. Mapapo a mayi wa pa tebulo lina ali ndi timadontho takuda ponseponse, zotsalira za utsi. Wina anangoti, "Amayi anga amaphikira nkhuni m'kakhitchini kopanda windo," n'kupitiriza ntchito.

Mtsikana wina bambo ake anamwalira mwezi watha ndi matenda a mtima. Anabwerera kusukulu sabata yomwe tikudula nthiti. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Adokotala, lero sindikwanitsa." Tamupatsa mtima wa pulasitiki ndi zithunzi kuti aphunzirire m'chipinda china. Chovuta chinali kaundula, poti wojomba ku labu kangapo saloledwa kulemba mayeso. Zinatengera makalata ndi kuyenda m'maofesi kuti masiku amenewo asawerengedwe ngati kujomba. Chaka chamawa tikufuna zimenezi zilembedwe poyera chaka chisanayambe, wofedwa asamachite kupempha. Wabwerera yekha patebulo lake titayamba za m'mimba.

14 Okutobala

Mwezi woipitsitsa. Kutentha kumakweza fungo la fomalini, magetsi akazima mafani amaima, ndipo ndi nthawi yomweyi imene ndandanda yatifikitsa pa mutu. Magetsi akapita timatulutsa aliyense, sitikambirananso. Tasamutsira labu m'mawa kwambiri kusanatenthe.

Nkhope tinaivundukula tsiku lakelake, lopanda kudula, monga tinachitira ndi msana. Zinathandiza, koma osati kwambiri. Anthu akhala ndi thupi ili miyezi isanu ndi itatu, akulidziwa mpaka m'matumbo, lero ndi pamene akuona kuti amalume aja ali ndi ndevu za imvi ndi dzino lobenthuka. Tebulo lina linakhala nthawi yaitali osalankhula. Tinawasiya.

Kutsegula chigaza ndiye kunavuta zedi. Sowo yamagetsi imalira mokwiyitsa, imatulutsa fumbi ndi fungo la fupa lopserera. Tsiku lina magetsi anazima ntchito ili pakati, ndipo bambo a mu labu anamalizitsa ndi sowo yamanja, imene imatenga nthawi yaitali ndipo phokoso lake limalowa m'mano. Pambuyo pake mutu umagawidwa pakati kuti aone njira za mphuno ndi pakhosi. Tagamula kuti kucheka azichita a mu labu, ofuna kuonerera aonerere, ena alowe zitatha. Palibe mayeso amene amafunsa ngati unagwira sowo.

Amene watidetsa nkhawa si aliyense wa okomoka aja. Ndi mnyamata wanthabwala, amene chaka chonse amaseketsa tebulo lake. Anzake ndiwo anabwera kudzanena kuti sakugona, amadzuka usiku kukasamba mobwerezabwereza, akuti fungo silikuchoka pathupi. Wayamba kumwa mowa kuti apeze tulo. Ameneyu tiyi wa pakhonde sakanamukwanira. Mlangizi wamutumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo, ndipo akulandira thandizo. Okomoka amaoneka, aliyense amawathamangira. Oseka kwambiri ndi ongokhala phee ndi amene tiyenera kumawafunsa, ndipo njira yokhayo imene tawapezera ndi kudzera mwa anzawo a patebulo.

22 Novembala

Mabokosi, galimoto ndi malo kumanda zalipiridwa ndi sukulu monga mwa nthawi zonse. Zathu zinali bafuta watsopano wokulungira, maluwa, ndi basi yonyamula ophunzira. K20,000 yotsala ija sinafike ngakhale pa nsalu yokha. Ophunzira anagwirizana okha kusonkha K2,000 aliyense, osakakamiza amene alibe, aphunzitsi tinawonjezera. Basi yokha yadya K150,000.

Ndowa za manambala zija zagwira ntchito. Tebulo lililonse linabwezera ziwalo ndi tizidutswa tonse kwa mwini wake, kukulunga, kumanga, kuika m'bokosi. Ntchitoyi inatenga m'mawa wonse, ndipo ndandanda yathu inaipatsa ola limodzi, choncho abusa ndi shehe anadikira padzuwa.

Mkangano unalipo pa mapemphero. Sitikudziwa kuti omwalirawa ankapemphera kuti, kapena ngati ankapemphera n'komwe. Ena ankafuna nyimbo za maliro za kutchalitchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ophunzira achisilamu anakumbutsa kuti mwa ogonawo mungakhale Msilamu, amene kwawo akanaikidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, thupi lathunthu, osati patapita zaka. Tinamvana kuti abusa apemphere mwachidule, shehe achite dua, nyimbo ikhale imodzi, kenako tebulo lililonse linene mawu ochepa. Ena anangoti zikomo. Tebulo la mayi wa mapapo akuda uja linatchula zimene laphunzira pa thupi lake, chimodzichimodzi, ngati lipoti. Kumanda anyamata analanda mafosholo kwa okumba n'kukwirira okha.

2 Disembala

Tatsegula katoni komaliza. Si onse akuyamikira. Ena alemba kuti tinachulutsa zolankhula, iwo anabwera kudzaphunzira minofu. Wina akuti kukulunga nkhope mpaka Okutobala kunangokulitsa mantha, bola akanaiona tsiku loyamba n'kuthana nazo. Mfundo imeneyi ndikuiona kuti ili ndi mutu. Chaka chamawa amene akufuna kuona nkhope koyambirira tidzamulola, payekha, pali mphunzitsi. Awiri afunsa kuti munthu amene akufuna kupereka thupi lake akadzamwalira amalembetsa bwanji. Funsoli talipereka kwa mkulu wa dipatimenti kuti pakhale pepala lofotokoza bwino, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Bajeti ya chaka chamawa taika bafuta wowirikiza kawiri, mankhwala onyowetsera okwanira dzinja lonse, ndi ndalama ya basi payokha kuti isadyeke m'njira. Talembanso kalata ku komiti ya ndandanda kupempha kuti mutu ndi khosi zisamukire mu Juni kapena Julayi kukuzizira, miyendo ipite mu Okutobala. A physiology, phunziro la momwe ziwalo za thupi zimagwirira ntchito, akuti zisokoneza dongosolo lawo la maphunziro a ubongo. Komiti ikumana mu Januwale.